Wotola Milungu M'ngalande

Malemu bambo Nien Shui-wang, achimwene anga, anabadwa pa 9 Malichi 1934 kuno ku Lukang, m'kanjira ka kuseri kwa msika wa nsomba. Anali achiwiri mwa ana asanu a bambo Nien Huo-tu ndi mayi Ko Mien. Mwa asanuwo ndatsala ndine ndekha, Shui-sheng, chitsirizira. N'chifukwa chake banja landipatsa pepalali kuti ndiwerenge pamaso panu, amonke a Buda, ansembe a Dao, akuluakulu a fuko la Nien, abale ndi anansi nonse. Zolembedwazi ndiwerenga, koma zomwe olemba anazilumpha ndiziwonjezera ndekha, pakuti pakupha nyani sayang'ana nkhope.

Choyamba chomwe anachilumpha ndi lole yabuluu yomwe mwaiona pamsewu pamene mumalowa mutenti muno. Sinabwere kudzanyamula nkhata za maluwa. Waiitana ndi Kuo-liang, mwana wamwamuna wa malemu, kuti ife tikangonyamuka ndi bokosi, iyo ikhotere kuseri kwa nyumba, ikakokolole zonse za m'chisakasa cha bambo ake n'kukataya kudzala. Malowo apeza wogula, ndipo wogulayo akufuna apeze posesa. Za m'chisakasamo mukuzidziwa: milungu yoduka mitu, yopserera, yothyoka manja, yomwe malemu akhala akuisamala kuyambira 1987. Mvetserani mbiri yawo, kenako muweruze nokha ngati zimenezo ndi zinyalala.

Malemu anayamba sukulu mu 1941, dziko lino lili m'manja mwa Ajapani, ndipo anaphunzira mpaka nkhondo itatha mu 1945. Za m'kalasi sankazikamba kwenikweni. Chomwe sanachiiwale ndi tsiku lina ali aang'ono, pamene apolisi a nthawiyo anasonkhanitsa zifanizo za milungu za m'tiakachisi ta m'midzi, n'kuziunjika pabwalo, n'kuziyatsa moto. Bambo athu anabisa chifanizo cha Agogo a Nthaka, mulungu wa m'nyumba mwathu, pansi pa mpunga m'mbiya, ndipo banja linadya mpunga wa pamwamba pokha kwa miyezi. Achimwene ankati fungo la kamfa, mtengo wosemera milunguyo, ukupsa linawakhala m'mphuno moyo wawo wonse.

Mu 1948 anawapereka kwa mmisiri wosema milungu, a Tsai, kuti akaphunzire ntchito. Chaka choyamba sanakhudze mtengo. Ankasesa, kunola matchizulo ndi kuphikira abwana awo tiyi. A Tsai anali aukali, koma ndiwo anawaphunzitsa kuti wosema ayambe wadziwa yemwe akumusema. Ankawauza kuti makolo athu powoloka nyanja kuchoka ku Fujian anabwera ndi ziphunzitso zitatu, ndipo zitatuzo zili ngati mafuwa: ukachotsapo limodzi, mphika wagwa. Mphunzitsi Kong anadzuka ku dziko la Lu m'masiku a chipwirikiti, n'kuphunzitsa kuti mwana alemekeze kholo lake lili moyo, likamwalira alikumbukire pa guwa la m'nyumba, ndipo dziko lidzakhala pamtendere. Anthu a Dao, otsatira nkhalamba Laozi, anati chilichonse chili ndi Njira yake, munthu asakakamize zinthu, ndipo ansembe awo ndiwo amadziwa kuitana milungu ndi kuitsanzika. Chiphunzitso cha Buda chinachokera ku India, chinadza ndi amonke m'njira za amalonda, n'kutiuza kuti dyera ndilo gwero la mavuto, ndipo chomwe wachita chimakutsata ngakhale ubadwenso. Pansi pa zonsezi pali makolo athu, ndi Agogo a Nthaka, nkhalamba yandevu zoyera yomwe imayang'anira munda, sitolo ndi khomo la munthu aliyense. Malemu sanasankhepo chimodzi n'kunyoza zinazo. M'mawa ankafukiza lubani kwa makolo, masana n'kusema Mayi wa Chifundo wa Abuda, madzulo n'kukathandiza wansembe wa Dao.

Mu 1952 anatsegula shopu yawoyawo. Ntchito yawo ambiri a inu muli nayo pa maguwa anu. Sankayamba kudula mtengo tsiku lililonse, koma tsiku losankhidwa, atasamba ndiponso atasala nyama. Chifanizo chikatha ankaboola kabowo kumsana, n'kuikamo mbewu zisanu, ulusi wa mitundu isanu, phulusa la lubani lochokera ku kachisi wakale, ndi mavu amoyo kuti chikhale ndi ukali, n'kutseka. Chomaliza ndi kutsegula maso. Wansembe amakola dzuwa ndi kalilole n'kuliwalitsa pankhope, n'kudontheza magazi a tambala woyera m'maso. Asanatero, ndi chikuni chabe, mwana akhoza kukhalira. Akatero, muli mlendo, ndipo mlendoyo akuona. Mukatopa naye simumutaya ngati nsapato. Mumaitana wansembe kuti amutsanzike abwerere kumwamba, kenako mtengo wotsalawo mumautentha ndi moto waulemu. Zimenezi mwana aliyense wa kuno ankazidziwa, mpaka chaka chomwe tonse tinaziiwala mwadala.

Pa 16 Novembala 1958 malemu anamanga banja ndi mayi Hung Yu-chih a ku Fuxing. Anadalitsidwa ndi ana awiri, Kuo-liang mu 1960 ndi Su-chiao mu 1963. Tsiku lomwe Kuo-liang anakwanitsa mwezi, titadya mpunga wamafuta ndi mazira ofiira, malemu anadzala mtengo wa kamfa kuseri kwa nyumba. Mu 1984, mnyamatayo akukwatira ndi kukatsegula sitolo ya zitsulo ku Taichung, bambo ake anaudula mtengowo, n'kusemapo Agogo a Nthaka oti akayang'anire sitoloyo. Ndinalipo tsiku lotsegula maso. Sindinaonepo achimwene atasema nkhope yokoma chotero. Pa bondo lakumanzere panali mfundo ya mtengo, ndipo iwo sanaibise, anaisandutsa khwinya la mkanjo.

Tsopano ndafika pa 1986 ndi 1987, zaka zomwe olemba pepalali anangoti malemu anakumana ndi zovuta pa malonda. Ayi, si malonda. Dziko linapenga ndi juga ya manambala. Ine ndakalambira pakhomo la kachisi ndikugulitsa msuzi wa nkhono za m'nyanja, choncho ndinaziona ndi maso angawa. Alimi anasiya minda, amayi anasiya ana ndi njala, aphunzitsi, madalaivala, onse pamzere kukafunsa milungu nambala yotuluka. Phulusa la lubani likagwa, anthu akuluakulu andevu ankagwada n'kumalipenda ngati nkhuku zotola mapira, wina akuti ndi faifi, wina akuti ndi seveni. Ankaika ndudu pamilomo ya milungu. Opambana ankabweretsa atsikana ovina osavala pakhomo pa kachisi, amvekere tikuthokoza Agogo. Anthu anakhamukira ku shopu ya malemu kudzagula milungu ngati akugula makasu, ena atatuatatu, kuti uyu akanama uyo anene zoona. Achimwene anawafunsa kuti mwa Kong, Laozi ndi Buda, ndani anagulitsapo manambala. Atatero anawapirikitsa, n'kutseka shopu pa nthawi yomwe amisiri anzawo ankamanga nyumba zosanja.

Kenako oluza anayamba kubwezera. Ndi zonyansa kuzinena pamaliro, koma zinachitika. Munthu yemwe dzulo ankagwada, lero akutenga chikwanje n'kudula mulungu wake mutu. Ena anawathyola manja akuti akuwaphunzitsa, ena anawawotcha ndi mafuta a galimoto, ena anawaponya m'makola a nkhumba ndi m'zimbudzi. Palibe ndi mmodzi yemwe anaitana wansembe kuti atsanzike. Ngalande yaikulu yothirira minda inadzaza. Mayi wa Chifundo ankayandama chafufumimba pakati pa agalu akufa ndi mabotolo, Amayi a Panyanja, mulungu woteteza asodzi, atakodwa m'mapulasitiki pansi pa mlatho. Malemu anandiuza kuti Ajapani aja bola, anatentha milungu ya eni ake. Ife tinadula yathu, yomwe tinaitana tokha.

Kuyambira Meyi 1987 malemu ankadzuka ndi njinga yawo ya matayala atatu ndi nsungwi yokhala ndi mbedza, n'kumayenda m'mbali mwa ngalande. Ankabwera atanyowa mpaka m'chiuno, akununkha moti agalu ankawatsata. Chifanizo chilichonse ankachitsuka ndi madzi a masamba onunkhira, kuchiyanika pamthunzi, n'kuchiika pa thandala m'chisakasa. Alamu anga a Yu-chih, amene tsopano ndiwo ankadyetsa banja pogulitsa mpunga wokulunga m'masamba, sankawasiya. Ankati amuna a anzawo akapita kumadzi amabwera ndi nsomba, koma awo akubwera ndi alendo ofuna lubani, opanda ngakhale pakamwa pothokozera. Ankadandaula choncho uku akuwatenthetsera madzi osamba, ndipo nsalu zofiira zonse zomwe zafunda milungu m'chisakasamo anasoka ndi iwo. Anansi ankalavula akamadutsa. Ankati chifanizo chotayidwa chimalowedwa ndi mizimu yosowa kwawo, ndipo Shui-wang akuweta tsoka. Ena mwa olavulawo ndikuwaona muno, avala zakuda bwinobwino, ndipo milungu yawo ili kuseriko.

Malemu anali ndi lamulo limodzi. Ngakhale anali mmisiri, sankasema mutu watsopano mwini wake asanabwere. Ankati mutu ubwezedwe ndi amene anaudula. Munthu akabwera yekha, n'kuloza kuti uyu ndi wanga, n'kugwada kupepesa, iwo ankakonza osalipiritsa, mwiniyo n'kusankha kumutenga kapena kumutsanzika mwaulemu. M'zaka zonsezi anabwerapo anthu, koma ochepa, ambiri mwa iwo amayi odzapepesera amuna awo. Otsalawo malemu ankawafukizira lubani m'mawa uliwonse, osalumpha ngakhale tsiku la chimphepo. Ankati mlendo yemwe wathamangitsidwa ndi chikwanje sangagonenso ndi njala.

Tsiku lina mu Okutobala 1987 anandiitana kuchisakasa. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, chifanizo chopanda mutu chili pamiyendo, ndowe za nkhumba zikadali m'makwinya a mkanjo. Anachivuula kumunsi kwa mlatho wa msewu wochokera ku Taichung. Anangondilozera bondo lakumanzere. Mfundo ija inali pomwepo. Ine magazi anawira, ndinati ndikwera basi lero lomwe ndikamukoke khutu Kuo-liang mpaka kuno. Iwo anandigwira mkono n'kundilumbiritsa kuti ndisatsegule pakamwa iwo ali moyo. Anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo lamulo ndi lomwe lija, mwini wake abwere yekha. Anachitsuka, n'kuchifunditsa nsalu yofiira, n'kuchiika pa thandala lapamwamba kumanzere.

Chaka Chatsopano chilichonse Kuo-liang ankabwera ndi banja lake kudzadya ndi makolo, atanyamula zipatso zodula ndi mowa wa m'bokosi. Tikakhala patebulo, bambo ake ankamufunsa funso limodzi: "Agogo a Nthaka ali bwanji kusitoloko?" Iye ankayankha osaphethira, nyama ili m'kamwa: "Ali bwino, Ababa, lubani sawasowa." Malemu ankangogwedeza mutu n'kumuwonjezera nsomba m'mbale. Funso lomwelo, yankho lomwelo, kuyambira mnyamatayo ali ndi tsitsi lakuda mpaka lero ali ndi dazi ndi zidzukulu, pamene Agogowo ali kuseri kwa khoma lomwe iye watsamira. M'chisakasamo sanapondemo phazi. Ankati fungo lake limamuchititsa nseru. Poti lubani sawasowa, pokhapo sananame, koma wofukizayo sanali iye.

Mayi Yu-chih anatisiya pa 4 Epulo 2009. Malemu anakhala okha, akuthandizidwa ndi mwana wawo wamkazi Su-chiao, yemwe anakwatiwa pafupi pompano. Mu Julayi 2018 anayamba kudandaula m'mimba, ndipo kuchipatala anapeza khansa. Anawachita opaleshoni mu Seputembala, anapezako bwino pang'ono, koma chaka chino mu Juni matenda anabwerera, ndipo anapempha kuti akagone kunyumba kwawo. Miyendo itakana, Su-chiao ndiye ankalowa m'chisakasa m'mawa ndi lubani, iwo akumvetsera chitseko chikulira. Mlongo wake, Kuo-liang, anabwera mu Ogasiti. Anabwera ndi munthu wachilendo wa nsapato zowala, n'kuyamba kuyeza malo ndi chingwe kunja kwa windo la chipinda chomwe bambo ake anagona. Ine ndinali m'chipindamo. Tinamumva akuuza mlendoyo kuti zikunizo zisamudetse nkhawa, ndi ntchito ya lole imodzi. Ndinafuna kutseka windo, koma achimwene anati ndilisiye, mphepo ikuwakomera.

Madzulo a tsiku lomwelo anandituma kuti ndikafukule chitsa cha kamfa uja, ndidulepo kachidutswa, ndibwere nako pamodzi ndi matchizulo awo ang'onoang'ono. Ndinawakumbutsa lamulo lawo. Anati lamulo analipanga poyesa kuti adzadikira mpaka kalekale, koma tsopano mwini wake akadzabwera adzapeza mmisiri palibe. Anasema ali chogona, pilo kumsana, zipalapala zikugwera pabulangete, ndipo kawiri anadzicheka. Su-chiao ankawalanda tchizulo, iwo n'kumulonjeza kuti asiya, iye akangotuluka n'kuyambiranso. Anamaliza kumayambiriro kwa Okutobala. Pa 2 Novembala 2019, dzuwa litangotuluka, lubani wa m'chisakasa akufuka, malemu anatsikira kuli chete ali ndi zaka 85.

Maliro awa mwawaona kukula kwake. Kuo-liang sanaumire. Nyumba ya mapepala yoti tikawatenthere kuti akakhalemo kumizimu ili ndi zipinda zosanja, galimoto ndi antchito awiri, pamene mwini wake moyo wonse ankayendera njinga. Kwabwera gulu la malipenga. Kwabweranso mayi wovala zoyera uja wolembedwa ganyu yolira, yemwe wakwawa kuchokera pamsewu akufuula m'chimkuzamawu kuti Ababa mwandisiyiranji. Mayi ameneyu, asanagwade, anandifunsa pageti ngati womwalirayo ndi mwamuna kapena mkazi. Sindikumunena, ali pantchito. Ndikunena ife, amene tafika pogula misozi, kuitana amonke kumanja ndi ansembe kumanzere, kuvala chiguduli cha mwana wolira monga Mphunzitsi Kong anafunira, uku lole ikudikira pamsewu. Mafuwa onse atatu tawabweretsa, koma mphika tikufuna kuuswa bokosi lisanafike n'komwe kotenthera mtembo.

Lumbiro langa linatha pa 2 Novembala. Kuo-liang, mwana wanga, dzutsa mutu, ndine bambo ako aang'ono ndikulankhula. Chomwe ndakulunga m'nsalu yofiirayi ndi mutu wa Agogo a Nthaka, wosemedwa ku chitsa cha mtengo wako womwe. Ndevu zake ndi zokhota pang'ono, manja a bambo ako anali atatha. Ukauyang'ana uona kuti m'maso mulibe kanthu. Ndinawafunsa ngati ndiitane wansembe adzatsegule, ndipo yankho lawo ndilinena monga analinenera: "Ayi, mphwanga, maso ndawasiya dala. Sindikufuna amuone mwana wanga ali chonchi. Akadzakonzeka kuonedwa, adzatsegulitse yekha." Bwera udzalandire. Ndi manja awiri. Thupi lake lili pa thandala lapamwamba kumanzere, ndipo kiyi wa chisakasa ndi uyu. Woyendetsa lole uja akudikira mawu ako, osati anga.

Malemu asiya ana awiri, Kuo-liang ndi Su-chiao, mpongozi wamkazi mayi Liao Pi-yun ndi mkamwini bambo Yeh Ching-ho, zidzukulu zisanu, zidzukulutudzi ziwiri, ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso alendo a m'chisakasa, amene mawa m'mawa adzafuna lubani monga mwa masiku onse. Amene mukudziwa kuti wanu ali m'menemo, chitseko sichiluma. Su-chiao wavomera kuti aziitana wansembe kwa aliyense wobwera kudzatsanzika wake mwaulemu.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino omwe anawasamalira, amonke omwe awerenga mapemphero masiku onsewa, ansembe a Dao omwe atsegulira mzimu wawo njira, amayi a m'kanjira kathu omwe apinda maluwa a mapepala mpaka zala kutupa, ndi akuluakulu a fuko omwe atikhazika mtima pansi. Su-chiao, mwana wanga, iwe sindikuthokoza ndi mawu, bambo ako anakuthokoza kale. Ndithokozenso woyendetsa lole, yemwe wadikira padzuwa kuyambira m'mawa osadziwa chomwe anamuitanira. Wina amutengere mbale ya mpunga, zikuoneka kuti adikirabe. Amene mukutembenuka kuyang'ana kuseriko, khalani pansi, musamutsate Kuo-liang. Chitseko chomwe mwamva chikuliracho ndi cha chisakasa, ndipo aka n'koyamba kuti achitsegule.

Achimwene, mwagwira ntchito yonunkha kuti ife tisanunkhe, ndipo sitinakuthokozeni muli moyo. Pitani mukapeze alamu anga ndi makolo athu. Chaka Chatsopano chikubwerachi tidzakuikirani mbale pa guwa, ndipo mukadzafunsa funso lanu lija, mudzayankhidwa ndi munthu woti wawaonadi Agogowo. Mzimu wanu uuse mumtendere.